Zolemba za ntchito yoika wailesi ya mabandi awiri m'pikapu ya amalume ku Johannesburg

Kumayambiriro kwa Seputembala

Ntchito imene tayamba ndi yoika wailesi yolankhulirana ya mabandi awiri, kutanthauza magawo awiri a mafunde a wailesi, m'pikapu ya amalume, imene imagona ku Rosettenville kum'mwera kwa mzinda, ndipo zolembazi ndikuzisunga kuti abale athu kuno ku Joni amene angafune kuchita zomwezi aone mmene tinayendera ndi zifukwa zimene tinasankhira njira ina n'kusiya inzake. Wailesiyi imamva ndi kutumiza mawu pa bandi ya mamita awiri, yomwe kuno imayambira pa 144 MHz kulekeza pa 146 MHz, komanso pa bandi ya masentimita 70, kuyambira pa 430 MHz mpaka 440 MHz. Pa bokosi lake palembedwa kuti imatulutsa mawati 50, ndipo nambala imeneyi ndi imene inawakopa mtima amalume mpaka kuigula. Nambala yomweyo ndi imene ikundipatsa ntchito, chifukwa kukula kwa waya, kutentha kwa wailesi, kutha kwa batire ndi mtunda umene munthu ayenera kutalikira ku eriyo, zonsezi zikutsatira mawati 50 amenewo.

Tisanagwire sipanala tinayamba ndi mapepala. Mafunde a wailesi ku South Africa amayang'aniridwa ndi bungwe la ICASA, lomwe linakhazikitsidwa mu 2000, ndipo palibe amene amaloledwa kutumiza mawu pa mabandi awiriwa wopanda laisensi yochokera ku bungweli. Mayeso ake, odziwika kuti RAE, amayendetsedwa ndi South African Radio League, bungwe la okonda wailesi lomwe linayamba mu 1925, ndipo amalembedwa kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Okutobala. Amalume analemba mu Meyi n'kukhoza, ndipo call sign yawo, dzina la zilembo ndi nambala lodziwikira nalo pa wailesi, ikuyamba ndi ZS6 monga yanga, pakuti 6 ndi nambala ya chigawo chimene muli Gauteng.

Mfundo imodzi tinagwirizana mosavuta ngakhale kuti sinawasangalatse. Iwo amanyamula katundu wa anthu osamuka nyumba, ndipo ankaganiza kuti wailesiyi aziitanirapo anyamata awo ndi kukambirana za mitengo, koma mabandi awa si a malonda, saimbirapo nyimbo, ndiponso salankhulapo mawu obisika dala kuti ena asamve. Za ganyu zikhala pa foni monga kale.

Loweruka lotsatira

Lero tinaika mawaya a magetsi, ndipo ino ndi mbali imene ndinakana kuithamangira. Wailesi zamtunduwu zimafuna mavoliti 13.8, ndipo zimalola kusiyana kwa 15 peresenti m'mwamba kapena pansi, kutanthauza kuti magetsi akatsika kupitirira 11.7 mawu amayamba kuipa kapena wailesi imazima pakati pa chiganizo. Ikamangomvetsera imakoka zosakwana ampeya imodzi, koma munthu akangodina batani lolankhulira pa mphamvu yonse imakoka pafupifupi maampeya 12. Pachifukwa chimenechi soketi ya pa dashibodi imene timatchajirapo mafoni tinaisiya, popeza m'galimoto zambiri imatetezedwa ndi fyuzi ya maampeya 10 okha ndipo waya wake ndi woonda, komanso pulagi yake imagwedera mumsewu wa mabampu n'kuyamba kutentha.

Mawaya onse awiri tinawatenga kuchokera kumene kuli batire. Ndinawerengera kaye papepala: waya wa kopa wa 1.5 mm² amataya pafupifupi 0.9 ya voliti pa mamita sikisi, ofiira ndi akuda kuphatikiza, akamanyamula maampeya 12, pamene wa 4 mm² amataya pafupifupi 0.3. Magetsi otayikawo sasowa m'malere, amasanduka kutentha mkati mwa waya amene wagona pansi pa kapeti, choncho tinagula wa 4 mm² ngakhale kuti amalume anadandaula mtengo wake. Fyuzi ya maampeya 15 tinaiika pa waya wofiira pafupi kwambiri ndi batire, chikhatho chimodzi kuchokera pa mutu wake. Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi imateteza wailesi basi, n'chifukwa chake amaisiya kumbuyo kwa wailesi, koma ntchito yake yaikulu ndi kuteteza wayayo: ngati waya wofiira atakhulika n'kukhudza chitsulo cha galimoto pakati pa batire ndi fyuzi, batire limatulutsa maampeya mazana nthawi imodzi, ndipo pulasitiki yokutira waya imayaka munthu asanatsegule boneti.

Mnzathu wokonza zamagetsi a galimoto, wa kwathu ku Mangochi, ndi amene anatisonyeza podutsitsa waya kuchoka ku injini kulowa mokhala anthu. Pali bowo lotsekedwa ndi labala lochindikala pamene pamadutsa mawaya a galimotoyo. Iye anaboola kabowo ndi msomali m'mbali mwa labalalo, anapaka sopo pang'ono pa waya, n'kumulowetsa mwapang'onopang'ono ine ndikukoka mkati. Anakana zoboola chitsulo chatsopano popanda labala, ndiponso anatalikitsa waya ku paipi ya utsi ndi ku ndodo ya chiwongolero, n'kumumanga ndi timalamba ta pulasitiki kuti asamalendewere. Za waya wakuda anatiuza chinthu chimene mabuku akale a wailesi sanena: galimoto zambiri zatsopano zili ndi kachipangizo pa mutu wa negetivi koyeza magetsi otuluka m'batire, ndipo ukalumikiza waya pamutu penipeni umakalambalala, kompyuta ya galimoto n'kumawerenga zabodza. Pikapu ya amalume ili nako, choncho waya wakuda tinamumanga pa bawuti imene batire lalumikizidwira ku chitsulo cha galimoto.

Nthawi yonseyi mutu wa negetivi unali wochotsa, ndipo ndi umene tinaubwezera pomaliza, amalume atavula wotchi yawo yachitsulo ndiponso atazimitsa ndudu, chifukwa batire la asidi limatulutsa mpweya wa haidrojeni umene suchedwa kuyaka. Tisanalumikize wailesi ndinayeza ndi mita kuti nditsimikize kuti wofiira ndi pozitivi. Injini itazima mita inaonetsa 12.6, italira inaonetsa 14.2. Kwa abale athu oyendetsa malole akuluakulu ndilembe pano kuti magetsi a malolewo kawirikawiri ndi mavoliti 24, ndipo wailesi ngati iyi ikalumikizidwa mwachindunji imapsa nthawi yomweyo. Pamafunika chipangizo chotsitsa magetsi chimene chingapirire maampeya 15 kapena kuposa.

Pakati pa Seputembala

Wailesiyi ili ndi nkhope yochotseka, choncho thupi lake tinalimanga ndi mabawuti anayi kuseri kwa mpando wa dalaivala, pamene mpweya umayenda ndipo fani yake yakumbuyo sikukhudza kanthu, ndipo nkhope yokha ndi imene tinaiika pa dashibodi, m'munsi mwa wailesi ya nyimbo. Pamwamba pa dashibodi tinapasiya pa zifukwa zitatu zimene sizinafune mkangano: ndi pamene airbag imatulukira ndipo chilichonse chili pamenepo chimaponyedwa kumaso kwa munthu, dzuwa la kuno limawotcha pamenepo galimoto ikaima masana, ndiponso chinthu chowala pamenepo chimaitana oswa magalasi pa maloboti. Nkhopeyo amalume aziichotsa madzulo aliwonse. Nthambo ya maikolofoni tinaiona kuti sikufika ku giya kapena ku mapedulo.

Kumapeto kwa Seputembala

Eriyo yatitengera nthawi kuposa mmene ndinkaganizira, makamaka chifukwa amalume sankafuna kuti denga la galimoto yawo liboolidwe. Poyamba tinayesa ya maginito, imene imangomata padenga, ndipo imagwira ntchito ndithu, koma nthambo yake imadutsa pa chitseko n'kumafinyidwa tsiku ndi tsiku, pansi pa maginito pamalowa fumbi lokanda penti, ndipo galimoto ikaima mwadzidzidzi pa msewu waukulu wa N1 eriyoyo ingathe kuuluka. Nthambo ya coax, yolumikiza eriyo ndi wailesi, ikaphwanyika sioneka kunja, koma mkati mwake waya wapakati amayandikira ukonde wokutira, ndipo mphamvu imayamba kubwerera ku wailesi m'malo motuluka. Pomaliza anavomera, ndipo tinaboola bowo limodzi pakati pa denga n'kuikapo chomangira cha mtundu wa NMO, chomwe chili ndi labala lotchinga madzi, titapala penti pang'ono kunsi kwa denga kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo.

Pakati pa denga ndi pabwino chifukwa eriyo ya pagalimoto ndi theka chabe la eriyo yonse. Theka linalo ndi chitsulo chimene yaimapo. Funde limodzi la 145 MHz ndi lotalika mamita awiri ndi pang'ono, choncho eriyo yachidule ya bandi imeneyi, yomwe ndi gawo limodzi mwa anayi a fundelo, imakhala pafupifupi masentimita 50, ndipo imafuna chitsulo cha kukula komweko mbali zonse. Popeza 145 kuchulukitsa katatu ndi 435, ndodo yomweyo imatha kugwiranso pa bandi ya masentimita 70, ndipo apa ndi pamene pagona kuphweka kwa maeriyo a mabandi awiri. Yathu ndi yotalikirapo, pafupifupi mita imodzi, ndipo ili ndi koilo pakati.

Sitinatumize mawu ngakhale kamodzi eriyo isanalumikizidwe, chifukwa wailesi yotumiza popanda eriyo ingathe kuwotcha gawo lake lotsiriza lokuza mphamvu, lomwe ndi lodula kuposa onse. Tinapita pabwalo lopanda nyumba pafupi, tinatseka zitseko ndi boneti, tinaika mita ya SWR pakati pa wailesi ndi nthambo, n'kuyeza pa mawati asanu. Mita imeneyi imaonetsa kuchuluka kwa mphamvu yobwerera: pa 1.5 imabwerera 4 peresenti, pa 2 imabwerera 11 peresenti, pa 3 imabwerera 25 peresenti. Poyamba singano inaima pafupi ndi 2 pa 145.500 MHz, ndipo inkatsika tikamatsikira kumunsi kwa bandi, chizindikiro chakuti ndodo yatalika. Ndinamasula kasikulu ka m'mbali, ndinatsitsa ndodo mamilimita ochepa, ndipo titabwereza singano inatsika pansi pa 1.5 pa mabandi onse awiri. Sindinafune kuthamangitsa 1.0, pakuti kusiyana kwake palibe amene angakumve. Nthambo yathu ya coax, ya mtundu wa RG-58, tinaidula kuti isatsale yambiri yopinda pansi pa mpando, chifukwa mamita asanu okha amadya pafupifupi gawo limodzi mwa asanu a mphamvu pa 145 MHz, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu pa 435 MHz.

Eriyo itaima, pikapu yatalika mpaka pafupifupi mamita 2.8, pamene m'malo ambiri oimika galimoto pansi pa masitolo chikwangwani chimalemba 2.1 kapena pafupi pamenepo. Ndamata kapepala pa chiwongolero kowakumbutsa kuimasula asanalowe.

Sabata yoyamba ya Okutobala

Nkhani ya lero ndi imene ndikuiona yofunika kuposa zonse m'zolembazi, ndipo ndi imene mabuku obwera ndi wailesi amangoikhudza m'mizere iwiri, chifukwa olemba ake saganizira pikapu yonyamula anthu kumbuyo. Amalume akamapita kokasamutsa katundu, anyamata awo awiri amakhala kumbuyo atatsamira galasi, ndipo nthawi zina mmodzi amaimirira atagwira chitsulo cha pamwamba pa denga galimoto ikamayenda pang'onopang'ono m'misewu ya m'makomo. Ndinatenga tepi n'kuyeza: mutu wa munthu wokhala pansi uli pafupifupi mita imodzi kuchokera ku eriyo, ndipo wa woimirira uli masentimita osakwana 60, molunjika ndi pakati pa ndodo pamene mafunde ali amphamvu kwambiri.

Mafunde a wailesi sali ngati cheza cha X-ray. Zimene amachita pathupi ndi kutenthetsa, ndipo thupi la munthu limawayamwa kwambiri pakati pa 30 MHz ndi 300 MHz, momwe muli bandi yathu ya mamita awiri. Bungwe la ICNIRP, lomwe malangizo ake a 1998 ndi a 2020 amatsatiridwa m'maiko ambiri, limaika malire a mawati awiri pa sikweya mita kwa anthu wamba pa mafunde amenewa. Kuwerengera kwake si kovuta: mphamvu ya wailesi imachulukitsidwa ndi mmene eriyo imaunjikira mafunde mbali imodzi, kenaka imagawidwa pa nkhope ya mpira waukulu wozungulira eriyoyo. Ndi mawati 50 ndi eriyo younjika kawiri, malirewo amafikidwa pa mtunda wa mamita awiri. Ndi mawati asanu amafikidwa pa masentimita 63. Kunena zoona, malirewa amawerengedwa pa avereji ya mphindi zingapo, ndipo munthu salankhula mosalekeza, koma mtundu wa FM umatulutsa mphamvu yonse nthawi yonse imene batani ladinidwa, ngakhale wolankhulayo akhale chete kufuna mawu, ndipo amalume si munthu wa mawu ochepa.

Nditawasonyeza papepala anati, "Mphwanga, ndiye ndinaguliranji ya mawati 50 ngati ndizilankhula ndi asanu?" Ndinawayankha kuti, "Amalume, mawati 50 akhala nanu pa tsiku lowafuna, koma anyamata aja akakhala kumbuyo musakweze, ndipo wina akaimirira musadine n'komwe." Ndinawauzanso kuti ndodo ya eriyo ikakhudzidwa wailesi ikutumiza imawotcha chala, ndipo bala lake limakhala laling'ono kunja koma lozama ndi lochedwa kupola. M'kati mwa kabini muli bwinoko chifukwa denga lachitsulo limatchinga mbali yaikulu ya mafunde, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndinakanira kuika eriyo pa boneti kapena pa galasi lowonera kumbuyo, pamene ikanakhala moyang'anizana ndi nkhope ya dalaivala. Pa maloboti, pamene ogulitsa zinthu amafika mpaka pa windo, lamulo ndi lomwelo. Ngati m'galimoto mwakwera munthu wokhala ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, wailesi izingomvetsera basi.

Wailesiyi ndaikonza kuti tchanelo chilichonse chosungidwa chiziyamba pa mawati asanu, kotero kuti kukweza mphamvu kumafuna kudina dala.

Pakati pa Okutobala

Kuti mkangano uthe bwino panafunika kuti makutu awo adzimvere okha, choncho tinayenda ndi galimoto, ine ndikuyendetsa, iwo akulankhula, mnzathu wina ali kunyumba kwake ku Mayfair akutiuza mmene tikumvekera. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo wamangidwa pa zitunda zoyenda kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, monga cha Linksfield, cha Observatory ndi cha Northcliff. Mafunde a mabandi athu amayenda pafupifupi molunjika ngati kuwala, choncho chimene chimalamula mtunda ndi kukwera kwa malo, osati mawati. N'chifukwa chake makalabu a wailesi amaika ma repeater pamalo okwera: repeater imamva pa frequency imodzi (nambala ya MHz imene wailesi yatcheredwapo) n'kubwereza nthawi yomweyo pa ina, ndipo pa bandi ya mamita awiri kusiyana kwake ndi 600 kHz, wailesi yathu ikutumiza m'munsi n'kumamvera m'mwamba. Ambiri amafunanso toni ya CTCSS, kaphokoso kotsika kosamveka bwino kukhutu kamene kamatsegula repeater, ndipo matoni amenewa ndawalowetsa kale m'matchanelo.

Kuchoka ku Rosettenville, kukwera msewu wa M1 kudutsa Braamfontein mpaka Sandton, repeater imene timagwiritsa ntchito inatimva bwinobwino pa mawati asanu, ndipo mnzathu uja sanathe kusiyanitsa pamene amalume anakweza pa 50 mwakachetechete kuti amuyese. Kulankhula ndi mawati 50 pamalo otere kuli ngati kukuwira munthu amene mwakhala naye pa mphasa imodzi, komanso kumasokoneza ena akutali amene akugwiritsa ntchito frequency yomweyo. M'zigwa za ku Klipriviersberg tinayesa kulankhula mwachindunji popanda repeater, titaitanirana pa 145.500 MHz n'kusamukira pa frequency ina yopanda anthu monga mwambo umafunira, ndipo phiri litatitchinga mawati asanu analephera, 50 analepheranso. Malo amene mphamvu inathandizadi anali pa msewu wa R59 kulowera ku Vereeniging, m'malire mwa repeater, pamene mawu anayamba kudukaduka ndipo anayera titakweza pa mphamvu yapakati. Pamenepo ndinawavomereza amalume kuti ndalama zawo sizinapite pachabe, koma ngakhale pamenepo 50 sanafunike.

Injini ikamalira tinamva kaphokoso kopyapyala kokwera ndi kutsika motsatira mafuta, komwe kamachokera ku altaneta. Ndi kochepa moti sikakusokoneza mawu, koma ndakalemba pa zinthu zoti tidzaone.

Mvula itayamba

Mvula ya kuno imabwera masana ndi mabingu kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo dera lokwerali limadziwika ndi ziphaliwali zoopsa. Galimoto yachitsulo imateteza amene ali mkati popeza mphezi imadutsa pa chitsulo chakunja, koma eriyo ndi nthambo yake ndi njira yolowera mkati. Tagwirizana kuti bingu likamveka amalume azisiya maikolofoni ndi kuzimitsa wailesi, ndipo asatuluke kukamasula eriyo mvula itayandikira kale. Nthawi yomasula ndi pamene mitambo yakuda ikadali kutali. Ulendo wathu wokayesa mtunda pa Northcliff tausamutsira m'mawa pachifukwa chomwechi.

Pomwetsa mafuta wailesi imazima pamodzi ndi injini. Malo ena amene munthu wochokera kwathu sangawaganizire msanga ndi pafupi ndi migodi ndi makwale, omwe ndi ambiri kumadzulo kwa mzinda kulowera ku Carletonville: mawaya a zophulitsira miyala zoyendera magetsi amatha kutola mafunde ngati eriyo, n'chifukwa chake pamakhala zikwangwani zolamula kuzimitsa wailesi zolankhulirana, ndipo chikwangwani chotere sichifunsa ngati uli pa mawati asanu kapena 50.

Novembala

Kutentha kwayamba kuoneka. Pa mphamvu yonse wailesi imakoka mawati oposa 160 kuchokera ku batire n'kutulutsa 50 okha ku eriyo, ndipo otsalawo, oposa 100, amakhala kutentha kumene chitsulo cha wailesi ndi fani ziyenera kutaya. Tsiku lina ndinapeza bulangete lokutira katundu litagwera kuseri kwa mpando n'kuphimba wailesi yonse, ndipo nditalichotsa chitsulocho chinali chosagwirika nthawi yaitali. Tamangapo kachingwe ka ukonde kotchinga kuti zinthu zisagwerenso pamenepo. Ndatcheranso time-out timer pa mphindi zitatu, kuti maikolofoni ikakhaliridwa kapena ikapanikizika pakati pa mipando wailesi izidula yokha, isatseke repeater kwa anthu onse kwinaku ikudziwotcha.

Amalume apeza m'buku la wailesi mbali ya cross-band repeat, imene imachititsa wailesi ya m'galimoto kumva pa bandi imodzi n'kubwereza pa inayo, kotero kuti munthu ali m'nyumba ndi kawailesi ka m'manja angathe kufika kutali kudzera m'galimoto yake. Ndi chinthu chothandiza ndithu, makamaka pa ntchito ngati za Hamnet, nthambi ya South African Radio League yothandiza kulumikizana pa nthawi ya ngozi, koma ndawapempha kuti aisiye kaye. Wailesi ikakhala motero imatumiza nthawi iliyonse pamene wina aliyense walankhula mbali zonse ziwiri, choncho imatentha kwambiri ndi kudya batire injini itazima, ndipo imatumiza mwini wake asakuona amene waima pafupi ndi eriyo, pomwe ana a m'dera lathu amakonda kukwera kumbuyo kwa pikapu ikaima pa geti. Chilichonse chimene ingabwereze chimatulukanso pa call sign yawo. Tidzaiyesa limodzi pa mawati asanu, titaika toni ya CTCSS kuti isatsegulidwe ndi phokoso wamba, munthu ali pa galimoto.

Za kulankhula uku akuyendetsa, ndime 308A ya malamulo a pamsewu a dziko lino imaletsa kugwira foni m'manja poyendetsa, koma imapatula wailesi zolankhulirana za pakati pa 2 MHz ndi 500 MHz zomangidwa m'galimoto. Kupatulako sikuchotsa mlandu wa kuyendetsa mosasamala, ndipo ine ndikuona kuti choopsa si maikolofoni kwenikweni koma maso opita ku timanambala ta pa nkhope ya wailesi. Matchanelo ofunika ndawaika motsatizana kuti batani la pa maikolofoni lizikwanira, ndipo zosintha zina zonse zizichitika galimoto itaima. M'misewu ya mkati mwa tauni, pamene maminibasi amaima paliponse, amalume anena okha kuti azingomvetsera. Mmodzi wa anyamata awo wayamba kuchita chidwi ndipo anapempha kuti alankhuleko. Tamupatsa buku loti awerenge ndipo tamulimbikitsa kulembetsa mayeso a mu Meyi, koma pakadali pano maikolofoni sagwira amalume kulibe. Wina anatiuza kuti wailesiyi ingathe kutsegulidwa mkati kuti izitumiza kunja kwa mabandi athu, ndipo takana, chifukwa laisensi yathu ikulekezera pa 146 MHz ndi 440 MHz, ndipo kunja kwake kuli ntchito za ena, kuphatikizapo ndege zimene zimalankhula pakati pa 118 MHz ndi 137 MHz m'dera lokhala ndi bwalo la ndege la OR Tambo.

Kumapeto kwa Novembala

Mvula itagwa kangapo ndinamasula eriyo kuti ndione pansi pake. Labala lagwira bwino, madzi sanalowe, ndipo SWR ili pomwe tinaisiya. Fyuzi ndi mitu ya mawaya ku batire zilibe dzimbiri, koma bawuti imodzi yomangira wailesi inali itamasuka pang'ono ndi mabampu ndipo ndaimanganso ndi wochara yogwira. Fyuzi ziwiri zapadera za maampeya 15 zili m'kabokosi ka pa dashibodi, ndipo ndalemba pa kabokosiko kuti ikapsa pasalowe yaikulu kuposa pamenepo kapena kawaya.

Chatsala ndi ulendo wa Disembala. Amalume akufuna kupita kumudzi ndi pikapu yomweyi kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo laisensi ya ICASA siwapatsa ufulu wotumiza mawu akangowoloka Limpopo. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake ndi zilembo zake: ku Zimbabwe ndi POTRAZ ndipo ma call sign amayamba ndi Z2, ku Mozambique ndi INCM ndi C9, kwathu ku Malawi ndi MACRA ndi 7Q. Ndawathandiza kulemba kalata yopempha chilolezo kwathu, titaphatikiza kope la laisensi, satifiketi ya mayeso ndi nambala ya wailesi. Ngati pofika tsiku lonyamuka mapepala a maiko onse atatu sadzakhala m'manja, wailesi yonse idzatuluka m'galimoto, osati nkhope yokha, fyuzi ya ku batire idzachotsedwa, ndipo pa denga padzatsekedwa ndi kachivundikiro ka NMO kamene ndaitanitsa kale. Phokoso la altaneta ndi kuyesa cross-band repeat tazisiyira Januwale akadzabwerako.